Zigoli Zimene Tidaziona ndi Makutu

"Koma agogo, Kinnah wanuyo mudamuonapo akusewera?"

Adafunsa choncho ndi mwana wanga wachisamba, usiku wa pa 3 Julayi 2010, tikutuluka m'nyumba mwa mnzanga wina wa pa Thyolo boma komwe tidakaonera mpira pa kanema. Kunja kudali chiperoni, kamvula kaja kosanyowetsa msanga koma kolowa mpaka m'mafupa. Spain idali itangogonjetsa Paraguay 1-0 ku Johannesburg, ndipo chigolicho adamwetsa ndi David Villa, mpira utagunda mtengo wa golo uku, n'kugudubuzika kukagunda mtengo winawo, kenaka n'kulowa ngati mlendo wamanyazi. Mnyamata wangayo adali atavala jezi yofiira ya nambala 7 imene amake adamugulira pa kaunjika ku Bvumbwe, ndipo ankangobwereza kuti pansi pano palibe womwetsa zigoli woposa Villa. Bambo anga, amene adabwera kwathu sabata imeneyo kudzalandira mankhwala a chifuwa, adangoti, "Mwanawe, ukadamuona Kinnah." Apa m'pamene funso lija lidagwa.

Ababa sadayankhe. Adakonza chipewa chawo chaubweya, natsokomola, nati tiyende msanga kwazizira. Ine ndidamudzudzula mwanayo kuti akuluakulu safunsidwa motero, koma mumtima ndinkadziwa kuti wakhudza pachilonda. Ababa adamwalira mu 2013 asadamuonepo Kinnah Phiri akumenya mpira, ngakhale kamodzi kokha. Inenso sindidamuonepo. Komabe kwa zaka zambiri munthu ameneyu adali ngati wa m'banja mwathu, ndipo pali mlandu wina wokhudza iye umene ndidausenza ndekha kuyambira ndili ndi zaka 10.

Ndidabadwira ndi kukulira kumalaini a esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Dzina lake ndilisunga. Mlendo wodutsa pamsewu wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje amaona minda yobiriwira ngati mphasa yoyala pamapiri, n'kumati anthu a kuno adadala. Iye saona kuti mphasayo imasalala chifukwa pali manja amene amaimeta tsiku ndi tsiku. Ena mwa manja amenewo adali a bambo anga. Makolo awo adali Alomwe amene adaoloka malire kuchokera ku Mozambique m'masiku a Apwitikizi, n'kufikira pa malo a azungu, poti malo ena okhalapo padalibe. Ababa adayamba kutchola tiyi ndevu zisadamere, ndipo adasiya tsitsi litatuwa.

Amene sadagwirepo ntchitoyi amaganiza kuti n'kungothyola masamba. Ayi ndithu. Umatchola masamba awiri ndi kansonga kake, ndi manja onse awiri, n'kuponya m'dengu limene lili kumsana osacheuka. Ababa ankati wotchola wodziwa sayang'ana pamene pali manja ake, maso ake amakhala atafika kale pa tchire lotsatira. Mvula ikayamba mu Disembala tiyi amaphuka mopanda chisoni mpaka cha mu Epulo, ndipo anthu ankalowa m'munda mame asadagwe pamasamba, n'kutuluka msana utauma ngati thabwa. Koma thukuta lonselo silinkawerengedwa. Chowerengedwa chidali chimodzi: chimene sikelo yanena, kalaliki n'kulemba m'buku. Poyamba adali mapaundi, pambuyo pake makilo. Munthu unkatha kukhala waulemu, wolawirira, wosadwaladwala, koma kumapeto kwa mwezi dzina lako lidali nambala imene ili m'bukumo.

Ndiganiza n'chifukwa chake amuna a kumalaini ankakonda womwetsa zigoli kuposa wosewera wina aliyense. Goloboyi ankamulemekeza, otchinga kumbuyo ngati Jack Chamangwana ankawatchula mwaulemu, koma mtima wawo udali pa munthu uja amene ntchito yake imayezedwa poyera ngati yawo. Wosewera pakati akhoza kuthamanga mphindi 90 anthu n'kumutama kuti wasewera bwino. Wakutsogolo alibe pobisala. Wamwetsa kapena sadamwetse.

Ndipo m'zaka za m'ma 1970 amene ankamwetsa adali Kinnah Phiri wa Bata Bullets. Adabadwa mu 1954, ndipo m'masiku amene ndikunenawa adali mnyamata wa zaka zongopitirira 20. Anthu adamupatsa dzina loti Electric. Ife kumalaini tinkaunikira koloboyi, choncho magetsi okhawo amene adafika pakhomo pathu adali iyeyo.

Ankafika kudzera pa wailesi ya Nzeru imene ababa adagula atasunga ndalama nyengo yathunthu ya mvula. Wailesiyo inkavala kansalu kamene amayi adaisokera, ndipo mabatire ake tinkawayanika padzuwa kuti abwerere mphamvu. Tsiku la mpira khonde lathu linkadzaza. Kunkabwera akapitawo, alonda, otchola anzawo a ababa, ngakhale a Manoma amene ankadana ndi Maule, poti wailesi sinkasankha timu. Kanema kudalibe. Dziko lino lidadzakhala ndi nyumba yake youlutsira kanema mu 1999. Ku Kamuzu Stadium sikudali kutali kwenikweni, basi inkafika ku Blantyre dzuwa lisadakwere, koma ndalama ya basi, ya pakhomo ndi ya chakudya idali ufa wa masiku angapo. Ababa ankati adzapita chaka chamawa. Chaka chamawacho chinkangosuntha ngati utawaleza.

Tsono apa m'pamene pali mlandu wanga. Oulutsa mpira a MBC ankasinthana, wina m'Chichewa wina m'Chingerezi. Ikafika nthawi ya Chingerezi, khonde lonse linkatembenukira kwa ine, mwana wa sukulu wa Sitandade 4, kuti ndiwauze zimene zikuchitika. Chingerezi changa chidali cha kupempha kutuluka panja ndi kupereka moni kwa aphunzitsi. Cha woulutsa uja chinkathamanga ngati madzi a Thuchila mvula itagwa kuphiri. Ndinkangotolamo maina. Koma ndikadanena bwanji pamaso pa akuluakulu kuti sindikumva, ababa atandiika pamiyendo pawo monyadira? Ndidayamba kupeka.

Tsiku lina, m'chaka chomwecho cha 1978, woulutsa adakuwa dzina la Kinnah katatu, mawu akukwera, kenaka phokoso la anthu lidadzaza wailesi. Amuna aja adadumpha, fumbi kobo! Atakhala pansi adandifunsa kuti chayenda bwanji chigolicho. Ndidameza malovu, ndipo ndidati Kinnah waulandira mpira pachifuwa, wadutsa otchinga kumbuyo atatu, goloboyi wakhala pansi ndi mantha, iye n'kuukankha ndi chidendene akuyang'ana kwina. Padali bata. Kenaka mkulu wina wa mano awiri adaomba m'manja nati, "Ameneyu si munthu ayi." Ababa adandisisita m'mutu. Chigoli chimenecho adachifotokoza kwa zaka 35, pamaliro, pamowa, kuchigayo, ndipo pamene zaka zinkapita otchinga kumbuyo aja adachuluka mpaka adakwana 5. Sindidawauzepo kuti chidabadwira m'mutu mwanga.

Koma zenizeni zimene Kinnah ndi anzake adachita sizidasowe wozipeka. Mu 1978 mpikisano wa chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa udachitikira kuno ku Malawi, ndipo timu yathu, pansi pa mphunzitsi wa ku England Ted Powell, idagonjetsa Zambia 3-2 mu ndime yomaliza. Zambia ya masiku amenewo sidali timu yoseweretsa. Usiku umenewo kumalaini kudalira ng'oma za tchopa ngati kuti kuli chikondwerero cha zokolola, ndipo m'mawa mwake anthu adalowa m'munda maso ali psu. Chaka chotsatira, mu 1979, anyamatawo adapita ku Kenya n'kukalanda chikhocho pamaso pa eni bwalo, 3-2 kachiwiri. Pofika pamene ankasiya kusewerera dziko lino, Kinnah adali atamwetsa zigoli 71 m'masewero 117, ndipo mpaka lero palibe Mmalawi wamwamuna amene wafikapo pa nambala imeneyo.

Mu 1982 adachoka m'dziko muno n'kupita ku Swaziland, dziko limene tsopano likutchedwa Eswatini, komwe adakasewera mu timu ya Manzini Wanderers. Adali masiku a chipani chimodzi, pamene ngakhale nkhani ya mpira munthu unkainena utayang'ana kaye kumbuyo. Pakhonde pathu padalibe amene adafunsa mokweza chifukwa chake. Dzinalo lidangoleka kumveka pa wailesi. Ababa adati, "Wapita ku Theba kwake," poti kwa iwo mwamuna aliyense wopita kummwera ankapita kukagwira ntchito ya m'migodi. Pamene Flames idafika koyamba ku mpikisano wa maiko a mu Africa mu 1984, ku Ivory Coast, iye padalibe. Ababa adamvera masewerowo, natama Lawrence Waya, koma wailesi ankaitseka msanga kuti asunge mabatire, chinthu chimene kale sankachita.

Ine ndidakula, sukulu idandikanika pa Fomu 4, ndipo mu 1988 ndidalembedwa ntchito pa esiteti yomweyo ngati kalaliki wa pasikelo. Kumalaini kudali chimwemwe kuti mwana wa wotchola wagwira cholembera. Palibe amene adaganiza kuti pamzere wa oyezetsa tiyi padzaimanso bambo anga.

Adaima. Pasikelo ankandiitana kuti akalaliki, ndipo ankavula chipewa monga ankachitira onse. Tsiku lina mu Febuluwale mvula idagwa kuyambira m'bandakucha, tiyi adafika ali chonyowa, ndipo lamulo limene tidapatsidwa lidali loti tichotseko makilo a madzi. Kapitawo adaima pambali panga, maso ali pa buku. Ababa adakoleka dengu lawo, muvi wa sikelo udayenda, ine ndidachotsa monga ndidachotsera enawo, n'kutchula nambala mokweza. Adaimva. Sadandiyang'ane. Adasenza dengu lopanda kanthu nabwerera m'mvula muja, zala zawo zitatuwa ndi kuzizira ngati za munthu wochapa tsiku lonse.

Madzulo ndidapita kwawo ndi ndalama yokwana makilo aja, ndidaiika pa mphasa. Adaiyang'ana nthawi yaitali.

"Ichi n'chiyani?"

"Za masana zija, ababa."

"Tenga ndalama yako. Kinnah akamwetsa, woyimbira n'kukana, ankapita kunyumba kwa woyimbira usiku kukatenga chigolicho?"

Ndidati ayi.

"Ndiye iwe wayimba wezulo, yatha. Ukandibwezera ine, anzanga aja uwabwezera ndi chiyani?"

Ndidatola ndalama ija manyazi atandigwira pakhosi. Mpaka lero sindidziwa bwino ngati adandikhululukira kapena adandiweruza. Ndidakhala pasikelo zaka 6, ndipo ndidaphunzira kuti nambala siinama, koma siinenanso zonse. Siinena kuti tsiku limenelo kudagwa mvula.

Kinnah adabwerera ngati mphunzitsi. Mu 2004 adafikitsa Bullets, imene panthawiyo inkatchedwa Bakili Bullets, m'ndime ya magulu ya mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Mu 2008 adapatsidwa Flames, ndipo mu Juni chaka chomwecho Egypt, imene idali itangotenga chikho cha Africa, idagwa 1-0 pa Kamuzu Stadium ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya mpira uli pafupi kutha. Ababa adali atapuma ntchito, akukhala pa kamalo kochepa cha ku Luchenza, ndipo adamvera pa wailesi yaing'ono ya ku China, Nzeru ija itafa kalekale. Adandiuza kuti mnyamata wamwetsayo waphunzitsidwa kuima pamalo.

Nkhope ya Kinnah adaiona koyamba pa 11 Januwale 2010. Ndidawatenga kuti adzaonere pa kanema Flames ikusewera ndi Algeria ku Luanda, patatha zaka 26 dziko lino lisadapondeko ku mpikisanowo. Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda adamwetsa, 3-0, ndipo boma lonse la Thyolo lidasanduka msika. Koma ababa sadali ndi zigolizo. Nthawi iliyonse kanema akaonetsa mphunzitsi ataima m'mbali mwa bwalo, iwo ankasendera kutsogolo.

"Ndi ameneyu?"

"Ndi yemweyo, ababa."

Adamuyang'ana kuyambira kumutu, koma ndidaona kuti akufuna miyendo, ndipo kanema sankaionetsa. Pomaliza adati, "Wakula." Adanena mwachisoni, ngati munthu amene wakumana ndi bwenzi la paubwana n'kupeza kuti nayenso ali ndi imvi. Masewero awiri otsatira tidagonja kwa Angola ndi Mali, ndipo mu Januwale 2013 Kinnah adachotsedwa ntchito. Mphunzitsi nayenso amayezedwa pa sikelo.

Ababa atamwalira, funso la mwana wanga lija lidayamba kundisowetsa tulo, ndipo ndidafuna kumudziwa Villa amene adatsekera bambo anga pakamwa. Ndinkayembekezera mwana wa bwana, woleredwa ndi mkaka ndi nsapato. Ndidapeza zina. David Villa adabadwa mu 1981 ku Tuilla, kamudzi ka migodi ya malasha m'chigawo cha Asturias kumpoto kwa Spain, ndipo bambo ake adali wa mumgodi. Dzina lake lamasewera, El Guaje, m'chiyankhulo cha kwawoko ndi kamnyamata, ndipo ankatchula motero anyamata othandiza mumgodi. Ali ndi zaka 4 adathyoka fupa la ntchafu ya kumanja, ndipo mwendowo uli m'chikhakha bambo ake ankamuponyera mpira kuti azimenya ndi wakumanzere. N'chifukwa chake adakula akumenya ndi miyendo yonse. Chigoli chake chotchuka cha mu 2010 polimbana ndi Chile, chochokera kutali goloboyi atatuluka, adachimenya ndi mwendo umene bambo wa mumgodi uja adauphunzitsa. Adadzera ku Sporting Gijón, Zaragoza, Valencia, Barcelona ndi Atlético Madrid, natsirizira ku America ndi ku Japan. Adatenga chikho cha Europe mu 2008 ndi cha dziko lonse mu 2010, ndipo adamwetsera Spain zigoli 59 m'masewero 98, kuposa Raúl amene adali ndi 44.

Ndidakhumba ababa akadakhalapo kuti ndiwauze. Akadamukonda mwana ameneyu. Akadati ndi wa kumalaini.

Monga kalaliki wakale, ndidaika nambala ziwirizo pamodzi: 59 mu 98, ndi 71 mu 117. Mukawerengetsa bwino mupeza kuti onse awiri ankamwetsa pafupifupi zigoli 3 m'masewero 5 alionse. Sindikufuna kunama kuti n'zofanana m'zonse. Villa adamwetsa pa mabwalo aakulu a dziko lapansi, pamaso pa otchinga kumbuyo odula ndalama zosawerengeka, pomwe zambiri za Kinnah zidagwera m'maukonde a anansi athu a m'chigawo chino. Wokonda mpira woona mtima ayenera kuvomera zimenezi. Komanso ayenera kuvomera kuti wina adali ndi madokotala, udzu wothiriridwa ndi ufulu wogulitsa luso lake kulikonse, pamene winayo adasewera m'dziko limene ngakhale pasipoti idali mwayi. Tiyi wa tsiku ladzuwa ndi wa tsiku lamvula sayezedwa mofanana, ndipo ine amene ndinkachotsa makilo a madzi ndikudziwa kuti wochotsayo amangoyerekeza.

Kusiyana kumene kumandipweteka n'kwina. Nambala ya Villa ili ndi mboni. Chigoli chilichonse chidajambulidwa, ena mbali zitatu, ndipo mwana aliyense wokhala ndi foni akhoza kuchiona lero lino. Nambala ya Kinnah yangoima yokha ngati mtengo wotsala m'munda wolimidwa. Amene adaziona ndi maso akutha mmodzimmodzi. Otsalafe tidaziona ndi makutu, ndipo makutu ena, monga a bambo anga, adadalira pakamwa pa mwana wa Sitandade 4.

Komabe Kinnah ali ndi mwayi, nambala yake ilipo. Chaka chitatha chimwalirire ababa, ndidaganiza zowerengera makilo onse amene adatchola pa moyo wawo, kuti ndiwalembe penapake adzukulu adzaone. Ndidapita ku ofesi ya esiteti ija. Mnyamata amene ndidamupeza adandilandira mwaulemu, nandipatsa mpando, koma adati mabuku akale ena adadyedwa ndi chiswe, otsala adatenthedwa pamene zinthu zidalowa mu kompyuta. Ena mwa mabukuwo adali olembedwa ndi dzanja langa. Potuluka ndidadzera njira ya m'munda. Matchire amene ababa ankatchola adali pomwepo, osalala bwinobwino, ndipo amayi ena adali pamzere akuponya masamba kumsana osacheuka.

Mwana wanga uja tsopano ndi bambo, amagwira ntchito ku Blantyre. Pa Khirisimasi yapitayi adabwera ndi banja lake, ndipo madzulo tili pakhonde nkhani ya agogo ake idabuka. Adatulutsa foni nandionetsa zigoli za Villa, chimodzi pambuyo pa chinzake, mpaka khosi langa lidauma. Kenaka adalemba dzina la Kinnah Phiri. Tidapeza mdala wa imvi akuyankha mafunso a atolankhani, tidapeza zithunzi zingapo zakale za anyamata atandanda ndi chikho, koma chigoli sitidachipeze ngakhale chimodzi. Adafufuza nthawi yaitali, nkhope itagwa, ndipo ndidazindikira kuti naye funso lake lija silidamusiye.

Adaika foni pansi. Mwana wake wamkazi, wa zaka 6, adali atatsamira pa bondo lake.

"Adadi, chigoli chija agogo ankakonda kunena, cha chidendene chija, chinkayenda bwanji? Muuzeni uyu."

Ndidatsegula pakamwa kuti ndiulule. Mawu adali okonzeka, ndidawasunga zaka zoposa 40. Koma kamtsikanako kadali katandiyang'ana kale, maso ali tong'o. Ndidaimirira, ndidakankhira mpando pambali, ndidatulutsa chifuwa monga ankachitira ababa, ndipo ndidati mpira udachokera kumwamba, Kinnah adaulandira apa, otchinga kumbuyo adalipo 5.